KODI WODZIWA CHISIPANISHI NDI UTI?

Achinyamata akamva kuti mnzawo akuphunzira chinenero chachilendo amakonda kumufunsa kuti, "Kodi tsopano wachidziwa?" Funsoli limamveka lapafupi, koma yankho lake n'lovuta. Wina amati wachidziwa chifukwa amatha kupereka moni ndi kufunsa mtengo wa chinthu pamsika. Wina ali ndi chikalata cha mayeso m'sutikesi, koma eni chinenero akayamba kucheza iye amangoti kakasi. Winanso amathyakula mosadodoma, koma mawu ake amalasa akuluakulu mumtima, mwini wake osadziwa. Nanga mwa atatuwa wodziwa ndi uti?

M'nkhani ino tifuna kulingalira funsoli poyang'ana chinenero chimodzi, ndicho Chisipanishi. Ana athu amakomana nacho m'nyimbo, pa mpira wa matimu a ku Madrid ndi ku Barcelona, ndiponso m'maphunziro a kunja. Kuyambira mu 1977 dziko la Cuba linalandira ana a sukulu zikwizikwi ochokera ku Mozambique, Angola, Ethiopia ndi Namibia pa chilumba chimene lero chimatchedwa Isla de la Juventud, ndipo mu 1999 linatsegula pafupi ndi Havana sukulu ya udokotala yolandira ophunzira a m'maiko osauka. Wophunzira wa ku Africa akafika kumeneko amayamba ndi miyezi yophunzira chinenero, ndipo pambuyo pake ayenera kuima pambali pa bedi la wodwala ndi kumva dandaulo lake m'chinenero chomwecho. Kwa munthu wotere funso lathuli si la macheza chabe ayi.

Chisipanishi cha kuti?

Poyamba tiyenera kudziwa kukula kwa munda umene tikulowamo. Anthu amene anayamwa Chisipanishi alipo pafupifupi mamiliyoni 500, ndipo ndicho chinenero cha boma m'maiko 20. Chinatuluka m'Chilatini, m'chigawo cha Castilla ku Spain. N'chifukwa chake ambiri mpaka lero amachitcha "castellano". Mu 1492 munthu wophunzira dzina lake Antonio de Nebrija anasindikiza mumzinda wa Salamanca buku loyamba la malamulo ake, ndipo chaka chomwecho ngalawa za Columbus zinaoloka nyanja ya Atlantic. Kuyambira pamenepo chinenerocho chinafalikira tsidya lija, kawirikawiri mwa lupanga ndi ukapolo, kufikira mwana anakula kuposa make. Lero dziko la olankhula ambiri ndi Mexico. Mwa anthu 100 alionse obadwa nacho, okhala ku Spain sakwana 10. Ku United States anthu oposa mamiliyoni 40 amachilankhula m'nyumba zawo, ndipo kuno ku Africa ndi chimodzi mwa zinenero za boma ku Equatorial Guinea, dziko limene linalandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa Spain mu 1968.

Munda waukulu chotere sungabale mbewu ya mtundu umodzi. Tatengani nyemba. Ku Mexico ndi ku Cuba amati "frijoles", ku Argentina ndi ku Chile "porotos", ku Venezuela "caraotas", ku Puerto Rico "habichuelas", ku Spain "judías" kapena "alubias". Mtedza ndi "cacahuate" ku Mexico koma "maní" ku Cuba. Chimanga chachiwisi ndi "elote" ku Mexico, "choclo" ku Peru. Basi ku Mexico ndi "camión", ku Buenos Aires "colectivo", ku Havana "guagua". Komatu munthu wa ku Havana akafika ku Chile nanena kuti akudikira "guagua", eni dziko adzamva kuti akudikira khanda.

Bungwe losamala chinenerochi, Real Academia Española, linakhazikitsidwa ku Madrid mu 1713, ndipo kwa nthawi yaitali linkaona Chisipanishi cha ku Spain ngati muyeso wa onse. Koma mu 1951 mabungwe a m'maiko osiyanasiyana anapanga mgwirizano ku Mexico, ndipo tsopano amakonzera limodzi buku lotanthauzira mawu ndi mabuku a malamulo a chinenero. La ku Equatorial Guinea linalowa mumgwirizanowu mu 2016.

Apa tikuphunzirapo chinthu choyamba. Kudziwa chinenero si kudziwa mawu ake onse, pakuti ngakhale mbadwa ya ku Madrid imafunsa ikalowa mumsika wa ku Lima. Akulu anati safunsa anadya phula. Munthu wayamba kuchidziwa chinenero pamene atha kufunsa tanthauzo la mawu achilendo m'chinenero chomwecho, namva yankho lake popanda womasulira.

Lilime lathu ndi lilime lawo

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene Mngerezi alibe. Malembo a liwu a Chisipanishi ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo amatchulidwa pafupifupi monga momwe ife timawatchulira. Mawu amawerengedwa monga alembedwera. Lembo lawo la ñ ndi ny wathu wa mu "nyama". Mawu ambiri amatsindikidwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monganso kwathu kuno. Ndiponso mawu ena tinawalandira kale kudzera mwa Apwitikizi, amene chinenero chawo ndi mbale wake wa Chisipanishi: kalata wathu ndi "carta", kama ndi "cama", nsapato ndi "zapato", mbatata ndi "batata".

Koma pali mwala umodzi umene timapunthwapo. Kwathu l ndi r ndi ana a mimba imodzi. Wina anene "bwela", wina "bwera", tonse timva chinthu chimodzi. M'Chisipanishi si momwemo. "Pelo" ndi tsitsi, "pero" ndi "koma", ndipo "perro", wa r wonjenjemeretsa lilime, ndi galu. "Caro" ndi chinthu chokwera mtengo, pamene "carro" m'maiko ambiri a ku America ndi galimoto. Wophunzira ayenera kulimbana ndi malembo amenewa kufikira mawu ake aleke kusokoneza womvera. Koma kufuna kuti lilime lifanane kotheratu ndi la mbadwa ndi ntchito imene ambiri oyamba kuphunzira atakula saikwanitsa, ndipo sindiwo muyeso wa kudziwa. Munthu atha kuchiritsa, kuphunzitsa ndi kulemba mabuku m'Chisipanishi, lilime lake likali kuulula kumene anachokera.

Tichenjere ndi mtima woyesa munthu ndi katchulidwe ka mawu, pakuti mbiri yake ili ndi mwazi. Owerenga Baibulo akumbukira za pa madooko a Yordano, m'buku la Oweruza mutu 12, pamene Aefraimu anaphedwa chifukwa cholephera kutchula mawu amodzi. Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso mu Okutobala 1937, pamene Rafael Trujillo, wolamulira wa Dominican Republic, analamula kuti anthu a ku Haiti okhala m'malire aphedwe, ndipo anafa zikwizikwi. Anthu amasimba kuti asilikali ena ankaonetsa munthu masamba onunkhiritsa ndiwo otchedwa "perejil" ndi kumuuza kuti atchule dzina lake, podziwa kuti r wa Chisipanishi amavuta lilime la Mhaiti. Mpaka lero kuphana kumeneko kumakumbukiridwa ndi dzina la masambawo.

Khutu liposa lilime

Ophunzira ambiri amada nkhawa ndi kulankhula, koma chimene chimawagwetsa akafika kwa eni ndi kumva. Mu 2011 akatswiri a zinenero a ku Lyon, m'dziko la France, anayeza liwiro la zinenero zingapo, napeza kuti wolankhula Chisipanishi amatchula maphatikizo pafupifupi 8 pa sekondi imodzi, pamene wa Chingerezi amatchula pafupifupi 6. Pamwamba pa liwirolo, dera lililonse lili ndi kamezedwe kake ka malembo. Ku Cuba ndi m'zilumba zoyandikana nazo s wa kumapeto amamezedwa, kotero kuti "dos", ndiko kuti ziwiri, amamveka "do", ndipo "pescado", nsomba, amamveka "pecao". Mawu akuti "calle", msewu, ku Mexico amati "kaye" koma ku Buenos Aires amati "kashe". Mphunzitsi m'kalasi amalankhula mofatsa ndi kubwereza. Mayi wogulitsa pamsika, dalaivala wa basi, kapena nkhalamba yopanda mano yodandaula kupweteka kwa pamtima, sadikira.

Palinso kumva kwina kozama, ndiko kumva chimene munthu akutanthauza. Buku lidzakuuzani kuti "ahorita" ndi "tsopano lino". Koma munthu wa ku Mexico akati adzachita chinthu "ahorita", mwina ndi tsopano linodi, mwina madzulo, mwinanso akukana mwaulemu. Ifenso tili nazo zotere. Mlendo wophunzira Chichewa amazizwa poona munthu akuti "ndikubwera" pamene akupita.

Oyamba ndi Chingerezi ali ndi msampha wawo, pakuti mawu ena amafanana nkhope koma mtima ndi wina. Mtsikana wofuna kunena kuti wachita manyazi akati "estoy embarazada", walengeza kuti ali ndi pakati. Izi zimangoseketsa, koma zina zimaliritsa. Mu 1980 mnyamata wa zaka 18 wa m'banja lochokera ku Cuba anafika naye ku chipatala china ku Florida ali chikomokere. Abale ake anati ali "intoxicado", kutanthauza kuti china chimene wadya kapena kumwa chamudwalitsa. Mawuwo anamveka ngati a Chingerezi akuti "intoxicated", a munthu woledzera, ndipo mnyamatayo anasamalidwa monga womwa mankhwala ozunguza bongo mopitirira muyeso. Zoona zake zinali zakuti magazi ankatuluka muubongo mwake. Pamene zinadziwika kunali kutachedwa, ndipo anafa ziwalo manja ndi miyendo yomwe. Chipukuta misozi chimene anagwirizana chinali pafupifupi madola mamiliyoni 71, koma ndalamazo sizinamuimiritse. Kudziwa chinenero mwa theka, munthu n'kumadziyesa wodziwa, n'koopsa kuposa kusachidziwa konse, pakuti wosadziwa amaitana womasulira.

"Ndi" ndi "ali", "iwe" ndi "inu"

Malamulo a chinenero nawonso ali ndi malo ake, ndipo wowanyoza adzanena zimene sanafune kunena. Chisipanishi chili ndi aneni awiri, "ser" ndi "estar", amene amasautsa Angerezi, koma ife sitiyenera kuwaopa kwambiri, popeza amayenda pafupi ndi "ndi" ndi "ali" athu. Timati, "Bambo ndi mlimi," koma "Bambo ali kumunda." Woyamba anena chimene munthu ali mwa chikhalidwe chake, wachiwiri anena pamene ali kapena mmene alili lero. Tsono ku Spain "es malo" ndi kunena kuti munthuyo ndi woipa, pamene "está malo" ndi kunena kuti akudwala. "Es aburrido" ndi munthu wotopetsa anzake, "está aburrido" ndi munthu amene wasowa chochita. Mneni mmodzi asiyanitsa kupepesa ndi kutukwana.

Koma chachikulu choposa ndi ulemu. Monga ife tili ndi "iwe" ndi "inu", iwonso ali ndi "tú" ndi "usted". Mawu akuti "usted" anachokera ku "vuestra merced", ndiko kuti "chifundo chanu", mawu amene kale ankalankhulira nawo anthu omveka. Lamulo la m'buku n'lapafupi: "tú" kwa mnzako ndi kwa mwana, "usted" kwa wamkulu ndi kwa mlendo. Koma moyo suli m'buku. Ku Spain lero achinyamata amati "tú" ngakhale kwa mphunzitsi wawo, ndipo munthu wa zaka zapakati ukamuti "usted" mwina adzadandaula kuti wamukalambitsa. Ku Costa Rica ndi m'madera ena a Colombia "usted" amamveka ngakhale pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, kapena pakati pa mayi ndi kamwana kake. Ku Argentina ndi ku Uruguay m'malo mwa "tú" amati "vos", ndipo mneni amasintha maonekedwe. Munthu wamkulu wolemekezeka amamutchula dzina lake loyamba atatsogoza "don" kapena "doña", chinthu chimene kwathu kuno chikanamveka chachilendo. Ndipo chodabwitsa kwa ife amene timati "Inu" popemphera ndi ichi, kuti Akhristu olankhula Chisipanishi amati "tú" kwa Mulungu, posonyeza kuyandikana kwa mwana ndi atate wake.

Mnyamata amene mawu amatuluka ngati madzi, koma nati "tú" kwa agogo a m'mudzi wa ku Guatemala pa tsiku loyamba kukomana nawo, sanachidziwe chinenero. Wadziwa mawu, koma anthu sanawadziwe.

Nanga mayeso?

Sitikunyoza mayeso ayi. Mu 2001 maiko a ku Ulaya anavomerezana makwerero asanu ndi limodzi oyesera kudziwa chinenero: A1, A2, B1, B2, C1 ndi C2. Mayeso a boma la Spain otchedwa DELE, amene amayendetsedwa ndi Instituto Cervantes, bungwe lokhazikitsidwa mu 1991, amatsata makwerero omwewa. Ubwino wake ndi wakuti safunsa kuti "wadziwa kapena sunadziwe", koma amafunsa chimene munthu atha kuchita. Wa A2 atha kugula, kufunsa njira ndi kufotokoza za banja lake mwachidule. Wa B2 atha kucheza ndi mbadwa popanda wina kulemedwa, ndi kuteteza maganizo ake pa mtsutso. Wa C1 atha kuphunzira ndi kugwira ntchito yovuta, namva ngakhale zimene zanenedwa mophiphiritsa. Kuyambira mu 2015 mlendo wochokera ku dziko losalankhula Chisipanishi, wofuna kukhala nzika ya Spain chifukwa chokhalitsamo, amafunsidwa chikalata cha A2. Koma amene aloledwa kukhala nzika ndi A2 sangaloledwe kumasulira mlandu m'bwalo ndi A2 yemweyo. Kudziwa kumayesedwa ndi ntchito imene munthu afuna kugwira.

Za nthawi, sukulu yophunzitsa akazembe a United States inkawerengera maola 600 mpaka 750 a m'kalasi kuti wolankhula Chingerezi afike potha kugwira ntchito m'Chisipanishi, ndipo amenewo ndi anthu osankhidwa, amene tsiku lonse ntchito yawo ndi kuphunzira. Choncho achinyamata asanyengedwe ndi otsatsa malonda amene amalonjeza chinenero m'masabata ochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zipinda za m'nyumba imodzi

Chinenero chili ngati nyumba ya zipinda zambiri, ndipo palibe amene amazolowera zonse mofanana. Baibulo limene Aprotestanti ambiri olankhula Chisipanishi amawerenga linamasuliridwa ndi Casiodoro de Reina, amene anathawa ku Seville chifukwa cha chikhulupiriro chake nalisindikiza ku Basel mu 1569. Mnzake Cipriano de Valera analikonzanso nalitulutsa ku Amsterdam mu 1602, ndipo lofala kwambiri lero ndi limene linakonzedwa mu 1960. M'Baibulo limeneli anthu ambiri amalankhulidwa ndi mawu akuti "vosotros", amene ku Spain akali amoyo, koma ku Mexico kapena ku Peru palibe amawanena mumsewu. Kumeneko amati "ustedes". Mkhristu wa ku Lima amawerenga chinenero china paguwa, nalankhula china pa khomo la tchalitchi. Ife amene tinakula ndi Buku Lopatulika la 1922 tikuzidziwa bwino zimenezi.

Kotero mlaliki wachilendo atha kudziwa Chisipanishi cha paguwa, nasowa mawu m'khitchini. Dokotala atha kutchula mafupa onse a m'thupi, nalephera kutonthoza mayi woferedwa. Wosewera mpira atha kumva kukuwa konse kwa m'bwalo, koma osamva pangano limene akusainira. Funso labwino si lakuti, "Kodi wachidziwa?" koma lakuti, "Ndi zipinda ziti zimene utha kulowamo wekha?"

Mawu kwa makolo

Pali gulu lina la anthu amene funsoli limawapweteka mtima, ndiwo ana obadwira ku United States kwa makolo olankhula Chisipanishi. Kufikira cha m'ma 1960 ana a m'masukulu ambiri a ku Texas ankalangidwa akamveka akulankhula Chisipanishi. Ambiri a iwo atakula anasankha kulera ana awo m'Chingerezi chokha, kuti asadzaone zimene iwo anaona. Lero zidzukulu zawo zimamva agogo akamalankhula, koma kuyankha kumavuta. Anzawo amawatcha ana a "no sabo", powaseka kuti amalakwitsa mawu akuti "no sé", ndiko kuti "sindidziwa". Kafukufuku wa bungwe la Pew wa mu 2023 anapeza kuti oposa theka la anthu a mtunduwu amene Chisipanishi chawo n'chochepa anachititsidwapo manyazi ndi anthu a mtundu wawo womwe. Chitonzo chotere sichiphunzitsa mwana, chimangomutseka pakamwa. Mwanayo sanasankhe yekha kuti akule wopanda chinenero cha agogo ake.

Makolo amene mukulera ana ku Harare, ku Johannesburg kapena ku London, nkhani imeneyi ikukhudzani. Mwana saphunzira chinenero cha kwawo ndi kusekedwa pa tchuthi, koma ndi kulankhulidwa tsiku ndi tsiku pa chakudya, pa ntchito za pakhomo ndi pa nthano za madzulo. Ndipo musaope kuti chinenero china chidzathamangitsa chinzake. Ku Paraguay anthu ambiri amalankhula Chiguarani pamodzi ndi Chisipanishi, ndipo kuyambira mu 1992 zonse ziwiri ndi zinenero za boma. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tsono wodziwa ndi uti?

Ife tikuona kuti wodziwa Chisipanishi ndi munthu amene atha kukhala pakati pa eni ake osakhala katundu kwa iwo. Amamva zimene zanenedwa ngakhale mofulumira. Akasowa mawu amazungulira ndi mawu ena, nafika kumene amapita. Amadziwa woyenera kumuti "usted". Amaseka pamene anzake akuseka, osati pambuyo pake, ndipo pa maliro ali ndi mawu oyenera. Amalakwitsa ndithu, monga mbadwa nazonso zimalakwitsa, koma amadziwa malire ake, ndipo pa nkhani ya moyo ndi imfa sachita manyazi kunena kuti, "Sindinamve, tabwerezani."

Inu achinyamata amene mwayamba ulendowu, sankhani Chisipanishi cha dziko limodzi, la anthu amene mukakhale nawo, ndipo muchigwire chimenecho poyamba. Mverani kwambiri kuposa mmene mulankhulira. Werengani mokweza tsiku ndi tsiku, ngakhale ndime imodzi ya m'buku limene mulidziwa kale m'Chichewa. Pezani munthu amene adzakukonzani mosakunyengererani, ndipo muzimuthokoza. Wina akadzakufunsani ngati mwachidziwa, muuzeni zoona: zimene mutha kuchita nacho lero, ndi zimene mukali kuphunzira.